Madzi a Pansi Akukwera

Linali tsiku lachitatu mphepo ikuwomba kuchokera mbali imodzi osapuma, ndipo linali tsiku lachiwiri Profesa ali m'nsanja.

Nsanjayo inaima m'madzi chapafupi ndi khoma la damu. M'mimba mwake munali mavavu otengera madzi opita m'tauni, ndipo pamwamba panali kachipinda kamodzi: tebulo, mipando iwiri, kompyuta, ketulo, ndi kalendala ya chaka chatha imene palibe ankaichotsa chifukwa inkabisa mng'alu wa pakhoma. Denga linkadontha pakona, ndiye anatcherapo beseni. Potuluka ankayenda pa kamlatho kachitsulo kopita kumtunda. Dzulo lake m'mawa chimtengo chimene chinali kumutu kwa kamlathoko chinazuka n'kukagwera, kamlatho n'kugwada, theka lake m'madzi. Profesa anali atangolowa kudzakopera manambala, ntchito ya mphindi makumi awiri. Ngakhale juzi anaisiya pampando ku ofesi.

Dzina la Profesa anamupatsa ndi bambo ake tsiku limene anabwera kunyumba ndi chibuku chimene analemba pomaliza ku yunivesite, chachikuto chakuda ndi zilembo zagolide. Bambowo anachilandira ndi manja awiri, anachiyeza kulemera monga amayezera nsomba, kenako anachiika m'kabati pamodzi ndi makapu a alendo. Makapuwo ankatulukako alendo akabwera. Bukulo ayi. Dzinalo linamutsatira mpaka kuntchito, kumene aprofesawo ankakopera manambala, kutaipa makalata a abwana ndi kufunsidwa ngati shuga watha.

M'nsanjamo anatsekeredwa limodzi ndi a Mavavu, mkulu amene anakhala akutsegula ndi kutseka zitseko za damulo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Iwo kutsekeredwako sikunkawadetsa nkhawa. Ankati kunyumba kwawo nakonso denga limadontha, koma kuno kulibe wowakumbutsa.

"Aprofesa, kompyutayo mwaiyang'anitsitsa chiyambire m'mawa," anatero uku akutakasa tiyi ndi chogwirira cha sikuludiraiva. "Ikukufunsirani banja?"

"Madala, tabwerani muone."

"Maso angawa amawerenga geji ya madzi yokha. Ndiuzeni pakamwa."

Kunja kwa nsanja kunalendewera chingwe chotsikira mpaka pansi pa damu, ndipo pa mita iliyonse panali kasensa koyeza kutentha kwa madzi ndi mpweya umene ulimo. Madzi a m'damu si amodzi. Apamwamba ndi ofunda, opepuka, odzaza mpweya, ndipo nsomba zimakhala mmenemo. Apansi ndi ozizira, olemera, agona mumdima miyezi yambiri mpaka masamba owola ndi matope zinawamalizira mpweya wonse. Awiriwa sasakanikirana, amangosanjikizana, ndipo malire awo nthawi zonse ankakhala pa mamita 12 kuchokera pamwamba. Nambala imeneyo Profesa anali ataikopera miyezi isanu ndi iwiri mpaka ankaiona kutulo.

Lero 8 koloko malirewo anali pa mamita 8. Tsopano, 9 koloko, anali pa 7.

"Mukamauzira tiyi wanuyo, amapita kuti?"

A Mavavu anauzira n'kusuzumira m'kapu. "Kutsidya."

"Nanga mbali ya kukamwa kwanuko kumabwera uti?"

"Wapansi. Wa shuga uja."

"Mphepo yakhala ikuuzira damuli masiku atatu. Madzi ofunda yawakankhira kumtunda uko. Mbali inoyi akukwera ndi apansi, opanda mpweya aja."

A Mavavu anaika kapu patebulo. Onse awiri anatembenukira ku windo la kumanzere.

Kumeneko, mtunda wosakwana kilomita, kunali kakona ka damu kotchingidwa ndi phiri, kamene anthu ankangokatchula kuti Kuseri. Damu lonse linali thovu lokhalokha, koma Kuseri madzi anali phee ngati a m'mbale. Mmenemo munadzaza makhola a nsomba, migolo yabuluu yowayandamitsa ili ndandanda. Atatu a kumapeto anali a bambo ake a Profesa. Maukonde a makholawo ankatsika mamita 4.

Ndipo amene anawatumiza kumeneko anali Profesa yemweyo. Lolemba abwana analemba chenjezo, iye n'kuliwerenga pa wayilesi ndi mawu ake aulemu aja: eni makhola onse akokere makhola awo kobisika namondwe asanafike. Ankatero chaka ndi chaka. Koma mphepo za chaka ndi chaka zinali za masana amodzi, zobwera ndi mabingu n'kupita, zosakhalitsa mpaka kupendeketsa damu. Za mphepo ya masiku atatu zinali m'chaputala chachinayi cha buku la m'kabati lija. Analemba yekha ndi manja akewa, ndipo Lolemba sizinamufikire m'mutu ngakhale pang'ono.

Foni inalibe netiweki chiyambire dzana. Inatsala ovaova, kawayilesi ka m'manja. Gulu la eni makhola linali ndi yawo imodzi, ndipo inkakhala ndi bambo ake poti ndiwo anali wapampando. Anaitana kanayi. Zii.

"Musadzivute," anatero a Mavavu. "Bambo anu mukuwadziwa. Amayatsa 6 koloko, 12 koloko, 6 koloko. Batire amalisunga ngati mankhwala a mwana."

Profesa anawerengera mumtima. Mita imodzi pa ola. Pofika 12 koloko madzi apansi akhala atakhudza maukonde.

Anasintha tchanelo n'kuitana abwana. Iwo anayankha msanga, ndi mawu a munthu amene wakhala pamalo ouma.

"Madzi opita m'tauni ali bwanji?"

"A Mavavu asintha kale, tikutenga pa vavu yapamwamba. Koma bwana, makhola a Kuseri aja..."

"Za nsomba si za ofesi ino, mayi. Zili ndi eni ake."

"Chenjezo lija linachokera ku ofesi ino."



"Boti lathu lili pa tirela kuno, ndipo msewu waduka pawiri. Lembani lipoti. Muikemo magirafu mumawakonda aja."

Pakhoma pafupi ndi chitseko panali kabokosi kofiira kokhoma ndi loko. Mmenemo munali batani la sayirini. Sayiriniyo inkalira pokhapokha akamatsegula zitseko zazikulu zotaya madzi, ndipo ikalira aliyense amene ali pafupi ndi khoma ankakoka boti ndi makhola ake n'kuthawa osafunsa funso. Bambo ake omwe. Ikanalira tsopano, pofika masana Kuseri kukanatsala kopanda khola ndi limodzi lomwe.

A Mavavu anaona kumene maso a Profesa anapita.

"Imamvekanso kumunsi imeneyo," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ulendo womaliza italira, anthu anakwera phiri ndi matiresi pamutu. Kunali kouma tsikulo. Lero matope ndi a m'mawondo. Achemwali anu a kumunsi aja, mimba yawo ili ndi miyezi ingati paja?"

"Isanu ndi itatu."

"Eya. Akwera, afika pamwamba, madzi osabwera. Tsiku lina ikadzalira zenizeni, anthu adzati asiyeni, ndi Aprofesa aja akusamutsa nsomba."

Atatero anavula kachingwe ka m'khosi mwawo, kamene kanali ndi kiyi wa kabokosiko, n'kukaika patebulo pakati pa kompyuta ndi paketi ya mabisiketi. Kenako anatsika masitepe kukayendera mavavu amene anali atawayendera kale.

Profesa anakhala ndi kiyiyo maola awiri. Sanamukhudze, koma sanamuchotsenso pamaso pake. Anayenda m'chipindamo, mapazi asanu ndi limodzi m'litali, anayi m'lifupi. Anatsegula chitseko cha kumlatho, mphepo n'kumubwezera m'kati ngati mlendo wosaitanidwa. Anayesanso atagwira felemu ya chitseko, ndipo anaona mpata umene unatsala: madzi othimbirira, nthambi, ndi zitsulo zopindika zikumira n'kuvuuka. Kusambira sanaphunzire. Mwana wa mwini makhola, woyeza madzi wa digiri yake, madzi ankawadziwira pa kompyuta. Anatenga ovololo ya a Mavavu yofiira n'kuitulutsa pawindo, n'kuigwedeza mpaka phewa linachita dzanzi. Kenako anatenga mabayinokula. Bambo ake anali khale m'boti pansi pa lona, pamodzi ndi amalume ake, ndipo ankaseka nkhani inayake. Palibe anatembenukira kunsanja. Nsanja amaiyang'ana ndani?

Makholawo bambo ake anawayamba atachotsedwa ntchito ku fakitale ya zikopa, iye ali sitandade seveni. Chaka choyamba anthu ankawaseka kuti akuweta nsomba ngati nkhuku. Iwo ankadzuka mbandakucha kukazipatsa chakudya, n'kumaziyankhula. Ankadziwa khola laulesi ndi khola ladyera. Mayi ake ankati m'banjamo iwo ndi mkazi wachinayi, akulu anzawo atatu ali pamadzi. Khola lalikulu linali litatsala sabata ziwiri kuti avuule.

10 koloko, mamita 6. Kiyi anali pomwepo. Profesa anaganiza za achemwali ake, mmene amatsikira sitepe ya pakhonde atagwira msana. Anaganizanso za bambo ake atakhala pakhonde lomwelo opanda kopita mbandakucha. Anasuntha paketi ya mabisiketi kuti ibise kiyiyo, kenako anachita manyazi n'kuibwezera pamalo pake.

11 koloko, mamita 5. Fungo linayamba kukwera ndi masitepe kuchokera kumavavu, fungo la mazira owola. A Mavavu anakwera pambuyo pake. Anayang'ana kiyi, anayang'ana mtsikanayo, anatola kachingwe kawo n'kukabwezera m'khosi. Anathira madzi m'ketulo. Pomupatsa tiyi anamuikira masipuni atatu, iye amene amamwa wa sipuni imodzi.

12 koloko itapitirira ndi mphindi zitatu, ovaova inatsokomola.

"Kuseri kuno, Kuseri kuno, tikumva. Ova."

"Bambo, ndine."

"Aa, ndi Profesa. Uzinena kuti ova, ndi lamulo limenelo. Ova."

"Bambo, chotsani makholawo Kuseri. Tsopano lino. Muwauzenso anzanuwo."

"Alamu, tamvani izi," anatero bambowo, mawu akupita kumbali. "Lolemba anati lowani, lero akuti tulukani. Ofesi yanuyo mumagwira ntchito ndi mutu kapena mumangotsatira mphepo? Ova."

"Lolemba ndinalakwitsa."

Mawu amenewo bambowo anali asanawamvepo pakamwa pa mwana wawo, ndipo zinawatengera nthawi kupeza powaika.

"Kuno kuli bata, iwe. Kunjako mafunde ndi aatali ngati ine. Zaka khumi ndi chimodzi ndikubisala kuno, sindinatayepo nsomba ndi imodzi yomwe."

"Zadya lero?"

"Sizinadye bwino. Ndi nyengoyi."

"Amalume ali pompo? Amire akakhudze pansi pa khola lalikulu."

Chapatali kunamveka mawu a amalumewo. "Muuzeni mwana wa mlongo wangayo kuti ine ndasamba kale sabata ino."

"Amalume, chonde."

Anasiya wayilesi patebulo n'kutenga mabayinokula. Anaona amalume akuvula malaya mwaulesi, akulozaloza kumwamba ngati akudandaulira mitambo. Anatsikira m'madzi, n'kumira. Iwowa ndi amene ankasoka maukonde pansi pa madzi, ndipo ankatha kukhalako mpaka anthu kuyamba kuyang'anizana. Ulendo uno sanakhalitse. Anavuuka n'kukangamira m'mbali mwa boti, akulavula, akuyankhula ndi dzanja limodzi.

"Akuti kumiyendo kukuzizira ngati m'firiji," anatero bambo ake. "Akuti kukununkha. Nsomba zonse zaunjikana pamwamba, kukamwa yasa." Sananene kuti ova. "N'chiyani chimenechi?"

"Ndi madzi a pansi. Alibe mpweya. Mphepo yachotsa apamwamba, ndiye iwo akukwera."

"Tatsala ndi nthawi yotani?"

"Ola. Mwina osakwana."

"Injini yangayi imakoka limodzi basi."

"Yambani ndi lalikulu. Zazikulu sizichedwa kubanika."

"Ndiwapititse kumtunda kuja, kumabango?"

"Ayi. Pakati. Pa chiboya chachikasu choyandama chija."

"Pakati pa mafunde? Iwe, ukudziwa zimene ukunena?"

Profesa anayang'ana pakona, pamene dontho linkagwera m'beseni.

"Bambo, mukanyamula madzi m'beseni n'kupunthwa, amakhavukira kuti?"

"M'mbali."

"Nanga pakati?"

Profesa anapitiriza.

"Mphepoyi ikasiya, madzi ofunda abwerera kuno mwamphamvu, ndipo apansiwa akakwera kumabangoko. Kenako kuno. Kenako uko. Masiku awiri, mwina atatu. Malo osasunthasuntha ndi pakati pokha."

"Chiboyacho n'cha ofesi yanu. Chinalembedwa kuti osamangirirapo kanthu."

"Ndinalemba ndine ndi penti. Mangani."

Kumbuyo kwake a Mavavu anaseka m'mphuno. "Limenelo mukaliikenso mu lipoti," anatero.

Zotsatira zake Profesa anazionera pawindo, ngati munthu woonera mpira wopanda mawu. Bambo ake anaima m'boti n'kuyamba kukuwira anzawo, manja akupita uku ndi uku. Ena ananyamuka nthawi yomweyo. Wina wa chipewa choyera anakhalabe pansi, akupukusa mutu, mpaka anaona mnzake akuvuula nsomba yakufa n'kumuonetsa. Khola silithamanga. Limabwera pambuyo pa boti ngati ng'ombe imene sikufuna kupita kudibi, ndipo likangotuluka pamthunzi wa phiri mafunde amayamba kulimenya. Kawiri konse boti linasowa m'maso mwake, kenako n'kutulukira. Amalume ankakapa madzi ndi chigubu chodula. Profesa anazindikira kuti waluma lamba wa mabayinokula.

Khola loyamba linafika pa chiboya 1 koloko itapitirira. Lachiwiri linatuluka Kuseri 2 koloko ili pafupi. Pa kompyuta malire anali atadutsa mamita 3, ndipo Profesa anasiya kuwayang'ana, poti tsopano ankaoneka ndi maso. Madzi a Kuseri anasintha mtundu, obiriwira aja n'kukhala otuwa ngati otsukira mbale. Khola lachitatu linayamba kuyera. Poyamba kadontho apa ndi apo, kenako mbuu, ngati wina wawazapo mapepala.

Bambo ake atabwerera ulendo wachitatu, anazimitsa injini n'kuima pafupi ndi kholalo. Anaima nthawi yaitali. Anawerama, anatola imodzi, anaitembenuza, n'kuibwezera pamadzi pang'onopang'ono. Kenako analiza injini n'kukamangirira khola la wa chipewa choyera uja, amene injini yake inali itakana.

A Mavavu anamulanda mabayinokula. "Tapumitsani maso. Simuwonjezera mpweya poyang'ana."

Chakumadzulo, dzuwa likadali kwinakwake kuseri kwa mitambo, mphepo inayamba kupumira. Inkawomba, n'kusiya, n'kuwombanso. Pakati pa damu panali mulu wa makhola ndi maboti atazungulira chiboya, zonse zikukwera n'kutsika pamodzi. Kunalibe phiri, kunalibe mtengo, kunalibe pothawira.

Ovaova inatsokomola 6 koloko isanakwane, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

"Awiri ali pa chiboya. Lachitatu lapita."

"Ndaona, bambo. Pepani."

"Waona? Uli kuti iwe?"

"M'nsanja. Mlatho unagwa dzulo m'mawa. Ndili ndi a Mavavu."

Pa mabayinokula, amene a Mavavu anamubwezera osapemphedwa, anaona kamunthu kataima m'boti, katatembenukira kunsanja.

"Dzulo," anatero bambowo. "Ndiye wadya chiyani?"

"Mabisiketi."

"Mavavu, mwanayo mukumupatsa tiyi?"

A Mavavu anawerama kuyandikira wayilesi. "Ndi shuga wanga yemwe, achimwene. Mudzabweza nsomba."

"Za Kuseri zija n'zanu zonse, mukatole." Anatsokomola. "Profesa, tikhala pano mpaka liti? Amalume ako asanza kawiri. Akuti akafa uwauze amayi ako kuti wawapha ndiwe."

"Sindikudziwa bwinobwino. Chiboyacho chili ndi chingwe chake, manambala ake amafika kuno. Ndiziona mmene akuyendera."

"Ndiye uzindiwerengera. Ola lililonse. Wayilesi sindizimitsa."

"Nanga batire?"

"Ndi langa batirelo."

Profesa anakokera mpando pafupi ndi kompyuta. Beseni linali litadzaza, ndipo a Mavavu analinyamula mosamala kupita nalo kuchitseko, madzi akugunda mbali iyi ndi iyo. Pa nsanja malire anali atasiya kukwera. Posachedwa ayamba kutsika, ndipo kumabango kuyamba kununkha. Anapeza mzere wa chiboya, anaulondola ndi chala, n'kudina batani la wayilesi.

"Pakati, mamita 11," anatero. "Musasunthe. Ova."